Makorasi, ng'oma ndi Mgonero: kodi tikuteteza chiphunzitso kapena mwambo chabe?

Funso

Abusa, ine ndimatsogolera kwaya pa mpingo wathu wa Lutheran kuno ku Mangochi, ndipo zinthu sizili bwino. Achinyamata akufuna makorasi, kiyibodi ndi ng'oma. Akuti nyimbo za m'buku n'zozizira, n'chifukwa chake anzawo akuthawira kwina. Akuluakulu akuti makorasi akulowetsa chiphunzitso chachilendo, tiziimba za m'buku zokha. Pamwamba pa izi, alamu anga a mpingo wina atabwera kudzacheza sanaloledwe ku Mgonero, ndipo mpaka lero moni wawo ndi wa pakamwa chabe. Mng'ono wanga naye anzake akumuuza kuti ubatizo wa paukhanda si ubatizo, akabatizidwenso m'nyanja. Kodi zonsezi n'chiphunzitso chenicheni, kapena ndi mwambo wa azungu umene tangoukakamira?

Yankho

Achimwene, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa zinthu zitatu, koma muzu wake ndi umodzi, ndiye mundilole ndiyambire pa muzupo. Mlutheran akamalowa m'tchalitchi Lamulungu m'mawa amabwera ngati munthu wodzalandira. Mwini phwando ndi Mulungu, wogawa ndi yemweyo. Amagawa chikhululukiro cha machimo kudzera m'Mawu olalikidwa, m'madzi a Ubatizo, ndi mu mkate ndi vinyo. Ife timatambasula manja, kenako n'kuthokoza. Choncho nyimbo iliyonse ikafika pamaso panga, kaya yachokera m'buku lakale lothothoka masamba, kaya mnyamata waitola pa WhatsApp dzulo, ndimaifunsa funso limodzi: muno akugwira ntchito ya chipulumutso ndani, Yesu kapena ine? Funso limenelo muligwire, chifukwa tilipezanso pa madzi ndi pa guwa.

Akuluakulu anu akamati nyimbo ndi chiphunzitso, sakunama, ndipo mbiri ya mpingo wathu ili kumbali yawo. Martin Luther, Mjeremani amene mpingo wathu unatengera dzina lake, anali munthu woimba, wodziwa kuimba chida cha zingwe, ndipo ankanena kuti pambuyo pa Mawu a Mulungu, nyimbo ndiyo iyenera ulemu waukulu. Nyimbo yake yoyamba anaipeka mu 1523 atamva kuti amonke awiri achinyamata atenthedwa ku Brussels pa 1 Julayi chifukwa chokana kusiya Uthenga Wabwino. Chaka chotsatira, 1524, kunatuluka kabuku koyamba ka nyimbo za mpingo wathu, kokhala ndi nyimbo 8 zokha, ndipo 4 mwa izo zinali zake. Masiku amenewo mbali yaikulu ya mapemphero inali m'Chilatini, wansembe ndi kwaya akuimba, munthu wamba akungoyang'ana. Luther anatenga nyimbo n'kuiika m'kamwa mwa mpingo wonse. Mu 1526 anatulutsa dongosolo la mapemphero m'Chijeremani. Atayendera mipingo ya m'midzi ya ku Saxony anapeza anthu obatizidwa, odya Mgonero, koma osadziwa Malamulo Khumi, Chikhulupiriro cha Atumwi ngakhale Pemphero la Ambuye, ndipo abusa ena anali osadziwa chimodzimodzi. Izi n'zimene zinabala Katekisimu Wamng'ono ndi Wamkulu mu 1529. Ndiye taonani zimene anachita ndi nyimbo. Malamulo Khumi anawaika m'nyimbo. Chikhulupiriro anachiika m'nyimbo. Pemphero la Ambuye, Ubatizo, Mgonero, chilichonse chinapeza nyimbo yake. Salimo 46 ndi Salimo 130 anazisandutsa nyimbo za mpingo. Munthu wosadziwa kuwerenga ankanyamula katekisimu yense pammero.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga zaka zingapo zapitazo. Ndinaitanidwa kukaona gogo wina m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, mwezi wa Okutobala, dzuwa lanu lija lootcha mapazi ngakhale wavala nsapato. Gogoyo anali atagona pa mkeka pakhonde, pambali pake pali lichero la kambuzi wouma, ndipo ana ake anandiuza kuti masiku amenewo sankazindikiranso aliyense. Ndinawerenga Salimo, sanagwedezeke. Ndinapemphera, anangoti zii. Nditayamba nyimbo ya Mgonero imene timaimba anthu akamapita ku guwa, milomo yake inayamba kuyenda, ndipo pofika ndime yachiwiri mawu anatuluka, aang'ono koma olondola, mpaka anamaliza ndime zonse. Pa maulaliki onse amene gogoyu anamva moyo wake wonse, palibe umene akanaubwereza tsiku limenelo. Nyimbo ndiyo inatsala. Kuyambira pamenepo nkhani ya zimene kwaya ikuphunzitsa ana sindiitenganso mopepuka, chifukwa zimene mukuwaimbitsa Loweruka lino n'zimene adzagwire pa mkeka wawo womaliza.

Tsono makorasi. Ndinamvapo korasi pa maliro yonena kuti malemu alowa kumwamba chifukwa anayenda bwino pansi pano ndipo sanayambane ndi munthu. Maimbidwe ake anali okoma zedi, amayi akuvina pang'onopang'ono, ine misozi ili m'maso. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa maliro amenewo panali anthu odziwa mumtima mwawo kuti iwo sanayende bwino, ndipo nyimboyo inawauza kuti khomo lawatsekekera. Aefeso 2:8-9 akuti tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, osati ndi ntchito, kuti wina asadzitame. Korasi ija inagwetsa vesi limeneli pa mphindi zitatu. Palinso makorasi ouza munthu kuti akaponya ndalama m'mbale Mulungu ayenera kumubwezera galimoto, ena ongoitanira moto pa adani, ndi ena odzaza ndi "ine": ine ndasankha, ine ndalonjeza, ine sindidzabwerera. Mukumbukire zimene munaloweza m'kalasi pa gawo lachitatu la Chikhulupiriro, kuti sindingathe mwa nzeru zanga kapena mphamvu zanga kukhulupirira Yesu Khristu kapena kubwera kwa Iye, koma Mzimu Woyera wandiitana ndi Uthenga Wabwino. Mwana akaloweza zimenezi Lachitatu, Lamulungu n'kuimba zotsutsana nazo kasanu ndi kawiri ng'oma ikulira, n'zosachita kufunsa chimene chidzakhazikike m'mutu mwake.

Koma alipo makorasi abwino, ndipo ndi ambiri. Ena ndi vesi la m'Baibulo loikidwa m'maimbidwe athu, palibe chowonjezera. Ena amanena mwachidule kuti Yesu anafera ine, anauka, adzabweranso. Amenewo ndi a Lutheran ngakhale anawapeka ndi munthu amene sanamvepo dzina la Luther. Akolose 3:16 akutchula masalimo, mayamiko ndi nyimbo zauzimu, ndipo chimene akufuna n'chakuti mawu a Khristu akhale mwa ife mochuluka.

Apa ndiye ndisiyane pang'ono ndi akuluakulu anu, mwaulemu wonse. Buku silitsuka nyimbo. Nyimbo zambiri zimene Amalawi timazidziwa pamtima zinabwera kudzera mwa amishoni a ku Scotland, a ku England ndi a ku South Africa, zina n'zochokera m'misonkhano ya chitsitsimutso ya ku America, ndipo timabwerekana mipingo yonse. Zambiri mwa izo n'zabwino kwambiri. Koma zilipo zina zimene zimaimba Mgonero ngati chikumbutso chokha, ndi zina zoika chipulumutso pa kusankha kwa munthu. Nyimbo yoteroyo ikhale ndi zaka 150, ikhale ndi nambala m'buku, funso lija liyenera kuigwera chimodzimodzi.

Ndipo achinyamata akamati nyimbo zina n'zozizira, pali chimene akumva, ngakhale sakutha kuchitchula. Chichewa chimatsamira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu. Timati muLUngu, chiSOmo, aMBUye. Maimbidwe ambiri a ku Ulaya amathera mzere pa liwu lolemera lomaliza, ndiye timapezeka tikuimba muluNGU, chisoMO, zimene palibe Mchewa amayankhula. Mawu athu ndi aatalinso kuposa a Chijeremani kapena Chingerezi, n'chifukwa chake omasulira ankawadula kuti akwane, n'kukhala Mlungu, Mbuye, 'Tate. Komanso chiyankhulo chathu chili ndi kukweza ndi kutsitsa mawu kumene kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa mango ndi mtengo wa chambo pa msika, kapena khungu la thupi ndi khungu la maso. Maimbidwe obwereka sasamala zimenezi. Amishoni anagwira ntchito yaikulu ndi zida zimene anali nazo, ndipo ine ndimawalemekeza. Koma chodabwitsa n'chakuti Luther mwini anadandaula za vuto lomweli. Mu 1525 analemba kuti sankafuna kungotenga mawu a Chijeremani n'kuwakhomera pa maimbidwe a Chilatini, chifukwa mawu, maimbidwe ndi katchulidwe ziyenera kuphuka kuchokera m'chiyankhulo cha anthu eni ake. Ndiye Mlutheran wa ku Mangochi akapeka nyimbo yoyamba ndi mtsogoleri, gulu n'kumavomera, m'manja mukuwombedwa, mawu ake ali a katekisimu, akuyenda m'mapazi a Luther ndendende.

Za zida zoimbira, n'zothandiza kudziwa kuti m'masiku a Luther mpingo unkaimba nyimbo zake ndi pakamwa pokha, onse liwu limodzi. Limba lalikulu la m'tchalitchi linayamba kuperekeza kuimba kwa mpingo patapita zaka zambiri, makamaka m'zaka za m'ma 1600. Ku Zurich, kumene kunali Ulrich Zwingli, mtsogoleri wina wa gulu lokonzanso mpingo, ndiko anachotsa malimba ndi kuimba komwe m'tchalitchi, ndipo ku Geneva John Calvin analola masalimo okha popanda chida. A Lutheran sanatsate njira imeneyo. Chivomerezo cha Augsburg, chikalata chofotokoza chikhulupiriro cha a Lutheran, chimene Philip Melanchthon, mnzake wa Luther, analemba ndipo chinawerengedwa pamaso pa mfumu Charles V pa 25 Juni 1530, chimanena pa gawo 7 kuti umodzi weniweni wa mpingo umakwanira pamene Uthenga Wabwino ukuphunzitsidwa moyera ndi masakramenti akuperekedwa moyenera, ndipo sikofunika kuti miyambo yoikidwa ndi anthu ifanane paliponse. Limba ndi mwambo wa anthu. Kiyibodi ndi mwambo wa anthu. Ng'oma nayo chimodzimodzi, ndipo Salimo 150 limatchula lipenga, zeze, lingaka ndi nsanje popanda manyazi.

Pali nkhani imene achinyamata amakonda kuponya pa mkangano woterewu, yoti Luther ankatenga nyimbo za m'malo omwera mowa n'kuziika mawu achikhristu. Musaivomere msanga. Maimbidwe ake ambiri anawapeka yekha kapena anawatenga ku nyimbo zakale za mpingo. Pa nyimbo yake ya Khirisimasi imene anapekera ana, poyamba anabwerekadi maimbidwe a nyimbo ya masewera ya anthu wamba, koma mu 1539 inatuluka ndi maimbidwe ake ake atsopano. Phunziro ndi lakuti maimbidwe amanyamula fungo la kumene achokera. Kwanu kuno kuli kaombedwe ka ng'oma kamene munthu akangokamva maganizo amathamangira ku manganje kapena ku zoma, ndipo kali kena kokumbutsa pa mowa. Ng'oma ilibe tchimo, koma ngati kaombedwe kena kakupunthwitsa gogo amene anatuluka m'zinthu zimenezo movutikira, Aroma 14 akutiuza kuti timuganizire. Sankhani kaombedwe kena, alipo ambiri. Ndipo chimene ine chimandidetsa nkhawa kuposa ng'oma ndi sipika. Ndalowapo m'matchalitchi a anthu 60 momwe masipika akulira ngati pa msonkhano wa ndale, atsikana atatu agwira maikolofoni, mpingo wonse wangokhala duu kuonerera. Kumeneko n'kubwerera kumene Luther anatichotsa, kwaya ikuimba anthu akuyang'ana. Jenereta ikathima mpingo n'kusowa poyambira nyimbo, dziwani kuti chida chalanda malo a anthu. Tsitsani mawu a kiyibodi mpaka mayi wa kumbuyo kwenikweni azidzimva yekha akuimba.

Pa zinthu zimene Mulungu sanalamule kapena kuletsa pali mpanda umodzi umene makolo athu m'chikhulupiriro anaika. Pa gawo 10 la Formula of Concord, chivomerezo cha mu 1577 chimene chinalowa m'Buku la Concord, losonkhanitsa zivomerezo za a Lutheran, mu 1580, anati mpingo uli ndi ufulu wosintha miyambo molingana ndi malo ndi nthawi, koma wina akaikakamiza ngati chofunika pa chipulumutso, pamenepo tisagonje. Wina akati popanda kiyibodi Mzimu satsika, mukane. Wina akati ng'oma ikalira Mzimu amathawa, mukanenso.

Mpanda womwewu ukutifikitsa kwa mng'ono wanu. Kumiza munthu m'madzi si kolakwa. Luther mwini ankakonda kuti mwana amizidwe, chifukwa zimaonetsa bwino kufa ndi kuuka pamodzi ndi Khristu, koma sanati n'kofunika. Ngakhale kabuku ka Akhristu oyambirira kotchedwa Didache kamalola kuthira madzi pamutu katatu ngati madzi ndi ochepa. Katekisimu akuti Ubatizo si madzi chabe, koma madzi ophatikizidwa ndi lamulo la Mulungu ndi olumikizidwa ndi Mawu ake. Popanda Mawu, nyanja yonse kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Karonga ndi madzi basi. Pamodzi ndi Mawu, kapu imodzi ya pa mjigo ndi kusamba kwa kubadwanso kumene Tito 3:5 akunena. N'chifukwa chake timaphunzitsa kuti mwana akadwala mwakayakaya, mvula yadula msewu wa ku Makanjira, abusa sangafike, Mkhristu aliyense atenge madzi, amubatize m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, kenako akauze abusa kuti alembe m'kaundula.

Anzake a mng'ono wanu akuti khanda silingasankhe Yesu. Akunena zoona, ndipo wamkulu nayenso sangasankhe Yesu mwa mphamvu zake. Bwererani ku funso lathu lija: pa Ubatizo akugwira ntchito ndani? Ngati Ubatizo ndi lonjezo langa kwa Mulungu, ndiye khanda lidikire, ndipo ine ndiyenera kubatizidwanso nthawi iliyonse ndikaphwanya lonjezolo, mwina sabata iliyonse. Koma ngati ndi lonjezo la Mulungu kwa ine, khanda ndilo chitsanzo chabwino koposa cha wolandira, pakuti limabwera litanyamulidwa, lopanda kanthu m'manja. Yesu anati tibatize mitundu yonse, ndipo ana ali m'kati mwa mtundu. Petro pa Pentekoste anati lonjezo ndi lanu ndi la ana anu. Pa Machitidwe 16 Lidiya anabatizidwa ndi a m'banja lake, mdindo wa ndende nayenso ndi a pabanja pake onse. Davide pa Salimo 51 akuvomera kuti anali mu uchimo chibadwire, kutanthauza kuti khanda likusowa Mpulumutsi lero, osati likadzakula. Ndipo Aefeso 4:5 akuti ubatizo ndi umodzi.

Mwina chimene chikumuvuta mng'ono wanu n'chakuti anasochera, ndipo tsopano akufuna kuyambanso. Mtima umenewo ndi wabwino, musaunyoze. Luther mu Katekisimu Wamkulu anapereka fanizo limene munthu wa kunyanja angalimve kuposa ine. Anati Ubatizo uli ngati chombo chimene sichisweka, ngakhale ife timaterereka n'kugwera m'madzi, ndipo wagwayo asambire, akagwire chombocho, akwerenso. Msodzi akagwa m'bwato usiku mwera ukuwomba, sathamangira kukasema bwato lina. Amasambira kulondola nyali ya bwato lake lomwe lija. Kulapa ndiko kusambira kumeneko. Akapita kukabatizidwanso, akunena ndi thupi lake kuti Mulungu sanachite kanthu tsiku loyamba lija, ndipo apa ndi pamene sitigonja.

Tsopano nkhani ya alamu anu, imene ndikudziwa kuti ndiyo ikukupwetekani kwambiri. Mu Okutobala 1529 Luther ndi Zwingli anakumana ku Marburg kuti agwirizanitse magulu awo. Pa mfundo 15 anagwirizana 14, ndipo yotsalayo inali ya Mgonero. Zwingli ankati mkate ukuimira thupi la Khristu. Luther analemba ndi choko pa tebulo mawu a Yesu akuti ichi ndi thupi langa, n'kukana kusuntha. Ife timakhulupirira kuti mu mkate ndi vinyo timalandira thupi lenileni ndi mwazi weniweni wa Khristu, woperekedwa ndi wokhetsedwa chifukwa cha ife, kuti machimo akhululukidwe. Sitiyesa kufotokoza mmene zimachitikira, timangogwira mawu a amene sanama. Paulo pa 1 Akorinto 10:16 akuti mkate umene tinyema ndi chiyanjano cha thupi la Khristu, ndipo pa mutu 11 akuchenjeza kuti wakudya ndi kumwa osazindikira thupilo adzidyera chiweruzo. Munthu sangachimwire thupi limene palibe.

Pamenepa ndi pochokera mwambo wosapereka Mgonero kwa aliyense wolowa pakhomo. Chivomerezo cha Augsburg chomwe chija, pa gawo 25, chimati sitipereka thupi la Ambuye kwa munthu asanafunsidwe ndi kumasulidwa ku machimo ake. Pali zifukwa ziwiri. Choyamba ndi kumuteteza mlendoyo, monga wogawa mankhwala amayamba wafunsa asanakupatse, popeza mankhwala amphamvu akamwedwa mosadziwa amapweteka. Chachiwiri n'chakuti kugwada pa guwa limodzi ndi kuvomereza pamaso pa anthu kuti tikukhulupirira chimodzi. Alamu anu ngati mpingo wawo umaphunzitsa kuti mkate ndi chizindikiro chabe, kuwaitanira ku guwa lathu ndi kuwapempha kuti anene ndi pakamwa pawo "ame" pa chinthu chimene mtima wawo sukuvomera. Sitikunena kuti si Mkhristu. Sitikunena kuti ife ndife oyera kuposa iwo, pakuti amene amabwera ku guwa ndi ochimwa okhaokha, ndipo katekisimu akuti woyenera ndi amene akhulupirira mawu akuti chifukwa cha inu. Kusala kudya ndi kudzikonza pathupi akuti ndi mwambo wabwino wakunja, koma si kumene kumamuyeneretsa munthu.

M'Malawi muno muli mipingo ya Lutheran yoposa umodzi. Lutheran Church of Central Africa inayamba ntchito ku Zambia mu 1953 n'kufika kuno mu 1963 kudzera mwa amishoni a Wisconsin Synod ya ku America, ndipo abusa ake amaphunzira ku Lilongwe ndi ku Lusaka. Evangelical Lutheran Church in Malawi inayamba mu 1982 ndi Amalawi amene anaudziwa mpingowu ku Tanzania, ndipo ili m'bungwe la Lutheran World Federation. Pa nkhani ya amene angabwere ku guwa, a Lutheran pa dziko lapansi sachita chimodzimodzi, ena amatsekula kwambiri, ena amasunga mwambo wakalewu mwamphamvu. Kalata yanu ikuonetsa kuti mpingo wanu umausunga, ndipo ine ndimaukhulupirira.

Koma chiphunzitso cholondola chingathe kuperekedwa mwankhanza, ndipo ine ndinachitapo. Ndili mbusa wachinyamata, mayi wina wachilendo anabwera ndi anzake ku guwa, n'kugwada, manja atatambasula. Palibe amene anali atayankhula naye. Ine ndinangomudumpha, ndikupatsa wa kumanzere kwake ndi wa kumanja kwake, mpingo wonse ukuona. Titatuluka ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anati anaganiza kuti wina wandiuza za moyo wake wakale, ndipo ndamuweruza. Ndinapita kwawo Lachiwiri lake ndi mkulu wa mpingo, ndinapepesa, tinakhala pa khonde maola awiri tikuwerenga 1 Akorinto 11. Kulakwa sikunali kwa chiphunzitso. Kunali kwanga, chifukwa ndinasiya mlendo kuti akaphunzire mwambo wathu pa maondo, pamaso pa anthu. Kuyambira tsiku limenelo akulu a mpingo amalandira alendo pakhomo mapemphero asanayambe, n'kuwafotokozera mwakachetechete, ndipo ine ndimalengeza ndisanayambe Mgonero, ndi mawu ofatsa, kuti alendo amene sanaphunzire nafe atidikire, ndipo ndife okondwa kucheza nawo tikatuluka. Ndikukayika ngati alamu anu anauzidwa kanthu asanadzuke pa benchi.

Za kwaya, nayi njira imene ndaiona ikugwira ntchito. Mutu umodzi susenza denga, ndiye musaweruze nokha. Loweruka lina itanani abusa, akulu a mpingo awiri, amayi awiri ndi achinyamata amene akutsogolera phokosoli, mukhale pamthunzi. Korasi iliyonse imene mumaimba ilembedwe pa pepala, mawu onse, chifukwa ambiri mwa makorasi amenewa palibe anawaonapo atalembedwa, ndipo nyerere zija zimaonekera pa pepala. Pa mzere uliwonse funsani kuti wochita ndani, ndipo vesi lake lili pati. Mupeza ena ongofunika kusintha liwu limodzi, "ndasankha" kukhala "wandisankha", n'kukhala nyimbo yabwino. Ena muwasiye ndithu. Nyimbo za m'buku zimene mumaimba kawirikawiri zidutse pa sefa yomweyo, kuti achinyamata aone kuti muyeso ndi umodzi. Mukatero muike nyimbo iliyonse pamalo pake. Nyimbo yoyandikana ndi ulaliki ndi nyimbo za pa Mgonero zikhale zolemera, za ndime zingapo, zophunzitsa, pakuti korasi ya mizere iwiri singanyamule zonse zimene Mgonero uli. Polowa, pa chopereka ndi potuluka, makorasi abwino ali ndi malo ambiri. Ndipo nyimbo za m'buku muziimbe pa liwiro la munthu woyenda, osati kuzikoka ngati khoka lodzaza matope. Theka la kuzizira kumene achinyamata akudandaula limachokera pamenepo.

Chimene ndikulakalaka kwambiri n'chakuti mupeke zanu. Madzulo mukamadutsa pafupi ndi madarasa mumamva ana a anansi athu Achisilamu akuloweza mokweza mawu, tsiku ndi tsiku, osatopa. Khama limenelo ndi lofunika kulilemekeza, ndipo litichititse kudzifunsa kuti ana athu akuloweza chiyani. Tengani mafunso anayi a katekisimu pa Ubatizo, muwapatse amayi a mumpingo ndi mnyamata wa kiyibodi uja, muwauze kuti mtsogoleri azifunsa, gulu lizivomera ndi yankho, mawu asasinthe ngakhale limodzi. Ikakhala ndi ndime ya Chiyao, ndi bwino koposa, chifukwa pa mabenchi anu pali anthu amene amalota m'Chiyao. Abusa aione isanaimbidwe pa mapemphero.

Kwa alamu anu mupite sabata ino, musadikire kuti mudzakumane pa maliro. Mutenge mkulu wa mpingo mmodzi, munyamuleko chambo ziwiri, muyambe ndi kupepesa kuti sanauzidwe, kenako mutsekule Baibulo ngati alola. Mng'ono wanu mupite naye kwa abusa, atsekule kaundula wa ubatizo, aone dzina lake, tsiku lake ndi maina a mboni zake, ndipo tsikulo alilembe pa tsamba loyamba la Baibulo lake.